Mwana wanga afuna kukhala mcila wa mkango

Lacitatu lapitali ndinaseluka minibasi mocedwa cifukwa ca mzele wa mamotoka wa pa Great East Road, uja nonse muudziwa. Ndisanafike pa geti ndinamva phokoso ngati pa yadi pathu pali cikwati. Kulowa, ndinapeza ana asanu. Mmodzi anali kuguguda cigubu ca madzi ndi mithiko iwili, wina kumenyanitsa zivinikilo za mapoto, wacitatu kuvina patsogolo atanyamula kakatoni kokupizila mbaula. Pakati pawo panali cilombo ca mutu wa katoni ya sopo, maso a tuzivinikilo twa mabotolo, ndipo thupi lake linali citenje catsopano cimene ndinagulila amai a kunyumba ku Kamwala pa Khisimasi. Pansi pa citenjeco panali miyendo inayi. Iwili ya kumbuyo ndinaizindikila ndi mapatapata. Inali ya mwana wanga wamkazi wa giledi 6.

"Adadi onani, ndise nkalamu ya ma Chinese!" anatelo, mutu uli m'citenje.

Mlandu ndi wanga. Mu February ndinapita naye pa molo ina muno mu Lusaka kukagula nsapato za kusukulu, ndipo tinapeza Machaina akukondwelela caka cawo catsopano. Panali mikango iwili, wofiila ndi wacikasu, ikuvina pa ng'oma yaikulu. Inali kuphethila, kugwedeza makutu, kudzikanda, kenako kuimilila ndi miyendo iwili mpaka mutu kufika pamwamba pa citseko. Gule atatha, mutu wa mkango wofiila unavulidwa, ndipo munatuluka mnyamata wakuda ngati ine, wa zaka mwina 14, thukuta lili kamukamu. Ku mcila kunatuluka mnzake. Mwana wanga anandikoka malaya: "Adadi, kansi ni ba Zambia?" Kucokela tsiku limenelo, pa nyumba palibe mtendele. Afuna kukaphunzila.

Amai eni yadi, amene timawalipila lendi, sanacedwe kupeleka ciweluzo. "Imwe atate, ivi ni vinyau va ma Chinese. Muzaniloweshela mizimu mu yadi." M'mawa mwake ndinaikamba nkhaniyi m'minibasi yopita ku Kulima Tower, ndipo basi yonse inagawanika. Amdala ena pa mpando wa kumbuyo anati, "Batenga migodi, batenga mashopu, manje na bana tibapase?" Asisi ena ovala yunifomu ya ku cipatala anati, "Nanga kukhala pa TikTok kucoka kuseni mpaka usiku ndiye cikhalidwe cathu?" Kondakitala anangoti, "Ine nilibe nayo mulandu nkalamu. Ikakwela, miyendo folo ni mipando iwili."

Ine ndamulola mwana kupita. Ndifuna kufotokoza cifukwa cake, pakuti ndaona kuti nkhaniyi si ya pa yadi pathu cabe.

Coyamba tidziwe cimene tikukangana. Caka catsopano ca Machaina cimatsatila mwezi wa kumwamba, ndiye cifukwa cake tsiku lake limasinthasintha, koma nthawi zonse limagwa pakati pa 21 January ndi 20 February. Mu 2025 linali pa 29 January, caka ca njoka. Mu 2026 ndi pa 17 February, caka ca hachi. Zaka zawo zimazungulila pa nyama 12. Cikondwelelo cimatenga masiku 15 ndipo cimatha ndi usiku wa nyali. Masiku amenewa asanafike, anthu mamiliyoni mazanamazana amakwela sitima, mabasi ndi ndeke kubwelela kwawo kukadya cakudya ca usiku ndi makolo. Ganizilani Intercity pa 23 December, kenako muiculukitse mpaka mutu uwawe. Mu December 2024 bungwe la UNESCO linalemba cikondweleloci pa mndandanda wa miyambo yofunika ya anthu a pa dziko lonse. Gule Wamkulu ndi Makishi zinalandila ulemu wa bungwe lomwelo mu 2005. Conco pa nkhani ya ulemu, sitili kumbuyo kwa munthu.

Nthano yawo imakamba za cilombo cochedwa Nian cimene cinali kubwela kumapeto kwa caka kudzagwila ziweto ndi anthu, makamaka ana. Anthu anadzazindikila kuti cimaopa zinthu zitatu: mtundu wofiila, moto ndi phokoso. Ndiye gwelo la mapepala ofiila pa zitseko, nyali, ng'oma ndi zophulitsaphulitsa zija ana athu amatigonthetsa nazo pa New Year. Coseketsa n'cakuti ku China kulibe mikango ya m'thengo. Mikango inafika kumeneko kale kwambili ngati mphatso kwa mafumu, kudzela m'njila za malonda zocokela kumadzulo. Ndiye cifukwa cake mkango wawo wovina uli ndi nyanga pamutu, kagalasi pamphumi ndi ndevu ngati za mbuzi. Anaupanga m'maganizo. Ife tili ndi mikango yeniyeni ku Luangwa ndi ku Kafue, koma ana athu ambili amaidziwila pa TV.

Mkango umavinidwa ndi anthu awili. Wa kutsogolo amanyamula mutu wopangidwa ndi nsungwi, mapepala ndi nsalu, ndipo ndi iye amakoka cingwe ca maso ndi kutsegula kamwa ndi dzanja. Wa kumbuyo amakhala cowelama nthawi yonse, atagwila mnzake m'ciuno, ndipo ndi iye amamunyamula pamene mkango uimilila. Osausokoneza ndi cinjoka cacitali cija, dragon, cimene cimanyamulidwa pa ndodo ndi anthu ambili. Woimba ng'oma samangoimba zake. Maso ake amakhala pa mapazi a mkango, monga mmene woimba mbalule amatsatila phazi la wovina kwathu kum'mawa. Pa khomo la shopu amapacika letesi ndi envulopu yofiila ya ndalama. Mkango umayandikila mokayikila, kununkhiza, kubwelela m'mbuyo, kenako "kudya" letesiyo ndi kuilavula kwa mwini shopu. M'cinenelo ca Cantonese dzina la letesi limamveka ngati mau akuti kubala cuma, ndiye kulavulidwa masamba kumeneko ndi dalitso.

Koma cimene cinandigwila mtima ine si mitundu kapena kulumpha. Ndi malo amene mwana ali nawo pa mwambo wonsewu.

Kwa iwo mwana si woonelela. Caka cisanathe amasesa nyumba pamodzi ndi akulu, cifukwa pa tsiku loyamba la caka sasesa, kuopa kusesela mwayi panja. Amathandiza kumata mapepala ofiila pa citseko. M'mabanja a kumpoto kwa China amakhala pa thebulo kuphunzila kupinda tumitanda twa ufa wa tiligu twa nyama mkati. Amamuuza cifukwa cake nsomba siidyedwa yonse usiku umenewo: dzina la nsomba limamveka ngati mau akuti zotsala, ndipo banja lifuna kuti caka cikubwelaci cikhale ndi zotsala. Amacezela mpaka pakati pa usiku, ndipo ambili amati kucezela kwa mwana kumatalikitsa moyo wa makolo ake. M'mawa amapita kwa ambuye ake kukapeleka moni wa ulemu ndi mau a mafuno abwino, ndipo pamenepo ndi pomwe amalandila envulopu yofiila, hongbao. Amailandila ndi manja awili, ndipo saitsegula pamaso pa womupatsa. Ngakhale kuculuka kwa ndalamazo kuli ndi phunzilo: amapewa nambala 4 cifukwa imamveka ngati imfa, ndipo amakonda 8.

Ku gule wa mkango n'cimodzimodzi. Mwambowu, makamaka wa kum'mwela ku Guangdong, m'matauni monga Foshan, unakulila m'masukulu a kung fu. Mwana wofika kumene samupatsa mutu wa mkango. Amayamba ndi kuima miyendo yotangadza atapinda maondo, ngati wakwela hachi, mpaka nchafu zinjenjemele. Kenako amamupatsa mbale zacitsulo zomenyanitsa kuti khutu lizolowele ng'oma. Pambuyo pake ng'oma, mcila, mutu. Kuli ngakhale mitu ing'onoing'ono yopangila ana. Pali makwelelo, ndipo mwana aliyense amadziwa pamene waima ndi pamene afuna kukafika.

Ndinapita kukaona kumene anyamata aja amaphunzilila, Ciwelu cina m'mawa. Ola loyamba lonse sindinaone mkango. Ndinaona ana akuima, akugwa, akudzuka, akuwelenga mokuwa. Mtsikana wina anali kulila koma osacoka pa mzele. Mwana wanga, amene kumutuma kukatunga madzi kumafuna msonkhano, anaima nawo mpaka mapeto. Pobwelela m'minibasi anandiuza kuti afuna kukhala wa ku mcila. Ndinamufunsa cifukwa, popeza wa ku mcila saoneka pa cithunzi. Anati, "Wa kumbuyo akatopa, wa kutsogolo agwa." Ndakhala ndikuyesa kumuphunzitsa zimenezi kwa zaka 11, koma anazimva m'mawa umodzi ali pansi pa nsalu.

Tsopano tibwele ku mantha a amai eni yadi, cifukwa si opusa. Kodi muli za mizimu? Kunena zoona, mbali ina ilimo. Mutu watsopano wa mkango usanavinidwe, amauthila kadontho kofiila m'maso kuti "udzuke". Eni mwambo amakhulupilila kuti mkango umathamangitsa zoipa ndi kubweletsa mwayi, ndipo magulu ena amakhala ndi kaguwa kofukizila akale awo. Kholo lacikhristu lili ndi ufulu wonse wofunsa za zimenezi, ndipo ine ndinafunsa. Ndinawauza aphunzitsi kuti mwana wanga adzavina ndi kuimba ng'oma, koma sadzagwadila ciliconse. Sanakane. Masiku ano guleyu ndi masewela a mpikisano okhala ndi oweluza opeleka mamaliki. Ku Malaysia, pa phili la Genting, mpikisano wa dziko lonse unayamba mu 1994, ndipo mikango imavina pamwamba pa mizati yacitsulo yopitilila mamita awili. Kumeneko ovina si Machaina okha.

Ndipo tisathamange kuchula ciliconse cobisa nkhope kuti nyau. Za kudambwe sitikambila mu nyuzipepala, ndipo ine ndine wa ku Katete, ndidziwa polekezela. Koma kusiyana kumodzi kuli poyela: mkango wa Machaina umavula mutu pamaso pa anthu, wovina n'kumwa madzi, amake n'kumujambula. Mulibe cinsinsi, mulibe kulowetsedwa. Tikumbukilenso kuti mau akuti "za mizimu yoipa" si acilendo m'makutu mwathu. Ndi omwewo amene amishonale anakambila magule athu, mpaka agogo athu ena anacotsedwa mu mpingo cifukwa ca ng'oma. Zimandimvetsa cisoni kuona ife amene tinalasidwa ndi mkondo umenewo tikuutola kuti tilase nawo ena.

Nanga amdala aja a ku mpando wa kumbuyo? Mkwiyo wawo ndimaumva. Ambili a inu amene muwelenga danga lino mumagwila nchito m'mashopu, m'mafakitale ndi pa zomangamanga za Machaina, ndipo madandaulo a malipilo, maola ndi ulemu pa nchito si nthano. Amene amagulitsa nkhuku kapena zovala pa maliketi adziwa mmene mpikisano wawawila. Nkhani zimenezo tizimenye kumene zimamenyedwa: ku mabungwe a anchito, ku ofesi ya za nchito, kwa makhansala ndi aphungu amene tinawavotela. Kuletsa mwana wa giledi 6 kumenya ng'oma sikudzakweza malipilo a munthu ngakhale ndi ngwee imodzi. Komanso anthu awa tili nawo kucokela kale. Njanji ya TAZARA, makilomita 1,860 kucoka ku Kapiri Mposhi mpaka ku Dar es Salaam, inamangidwa pakati pa 1970 ndi 1975, Machaina, Matanzaniya ndi makolo athu akukumba limodzi. Pa UNZA pali Confucius Institute kucokela mu 2010, pomwe ana athu amaphunzila Cichaina. Mwana amene adzakula akudziwa cinenelo cawo, nthabwala zawo, zimene amaopa ndi zimene amalemekeza, sadzanamizidwa msanga pa thebulo la malonda. Ife tinakula tikuwaona patali ngati anthu a nkhope imodzi, ndipo umbuli umenewo sunatithandize.

Dziko la Indonesia linayesa njila ya kuletsa. Mu 1967 boma la Suharto linaletsa miyambo ya Machaina kucitikila poyela, kuphatikizapo gule wa mkango amene kumeneko amamucha barongsai. Ciletsoco cinakhala zaka zoposa 30, mpaka pulezidenti Abdurrahman Wahid, amene anali mtsogoleli wa Asilamu, anacicotsa mu 2000. Lelo m'magulu ambili a barongsai muli acinyamata amene si Machaina, ena ndi Asilamu opemphela bwinobwino. Sanasiye kukhala a ku Indonesia. Ciletso sicinaphe gule, ndipo gule sanaphe dziko.

Mantha amene ine ndimawaona kukhala enieni ndi ena. Usiku uja nditapeza ana pa yadi, ndinafunsa mwana wanga ngati adziwa nyimbo imodzi ya citelele. Anandiyang'ana ngati ndakamba Cichaina. Ndinafunsa anzake za ngoma ya Angoni, za kalela, za nsongwe. Mmodzi anati anaonako pa ZNBC. Pamenepo ndinazindikila kuti palibe amene anandibela mwana. Malo amene mkango walowa anali opanda kanthu, ndipo amene anawasiya opanda kanthu ndine.

Taonani mmene tacitila ife a m'tauni. Miyambo yathu taisandutsa ulendo. Nc'wala ili ku Mtenguleni kumapeto kwa February, Kulamba ili ku Mkaika kumapeto kwa August, ndipo ndalama ya basi ya banja lonse kupita kum'mawa ndi kubwela imaposa lendi ya ambili a ife. Conco amapita ndi atate okha, kapena sipapita munthu. Miyambo imene timacita muno mu Lusaka, kicheni pate, cilanga mulilo, matebeto, ndi ya akulu, ndipo mau oyamba amakhala akuti "bana fumani panja". Ku sukulu, kagulu ka zacikhalidwe kamakumbukilidwa pamene kukubwela nduna kapena pa 24 October. Ana amavina mphindi zisanu padzuwa, alendo amaomba m'manja, masiketi a udzu amabwelela m'kabati mpaka caka camawa. Machaina, kulikonse kumene apita, London, Johannesburg, Lusaka, amanyamula ng'oma yawo ndi kupatsa mwana ndodo zoimbila. Ife ng'oma tinaisiya kumudzi, n'kumadabwa kuti mwana akuvina za eni.

Tisanamizile ana kuti safuna. Onani mmene amalimbikila pa laini ya cikwati: milungu yathunthu akuyeseza madzulo alionse, ndipo kamwana kovina ndi mpeni wa keke kamakhala katswili kuposa akulu. Onani atsikana a Stella ku Katolika, ma majoleti pa Youth Day, anyamata a Brigade ndi malipenga awo. Onani acinyamata a ku Chibolya, komboni imene ambili amaiopa, amene anayambitsa Circus Zambia ndipo lelo amaphunzitsa ana anzawo. Paliponse pamene mwana wapatsidwa malo, tsiku loyeseza, yunifomu ndi munthu wamkulu womuyembekezela, amabwela. M'mela m'poyamba. Magule athu alibe zinthu zinayi zimenezi m'makomboni mwathu, basi.

Sindikunena kuti kholo lingotaya mwana kwa aliyense wonyamula ng'oma. Pitani mukaone nokha malo ake. Dziwani amene akuphunzitsa, ndipo pakhale wamkulu woposa mmodzi. Funsani ngati pali matilesi pansi, cifukwa kunyamulana kuja kumathyola mikono, ndipo za pa mizati si za mwana woyamba. Funsaninso za ndalama. Mkango ukavina pa shopu umalandila envulopu, ndipo ngati ana athu ndi amene akutuluka thukuta, makolo adziwe kumene ndalamayo imapita. Mwana asakhale cokongoletsa cithunzi ca kampani tsiku limodzi pa caka kenako n'kuiwalika. Homuweki ibwele patsogolo, ndipo dzuwa lisanalowe akhale ali pa nyumba. Awa ndi malamulo amene ndingaike ngakhale akanapita ku kwaya kapena ku bola.

Koma nchito yaikulu ili kwa ife. Akulu anati mlendo amabwela ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo kamene Machaina abwela nako pa nkhaniyi si mkango ayi, ndi njila yophunzitsila. M'komboni iliyonse muli amai odziwa citelele ndi cimtali, muli amdala amene anaimbapo ng'oma ya kalela ku Copperbelt, muli holo ya chalichi kapena kalasi ya sukulu imene imakhala yotseka Ciwelu masana. Cimene cisowa ndi munthu woti anene kuti 14 koloko tikumana, wamng'ono ayamba ndi kuomba m'manja, wotsatila nyimbo, wotsatila ng'oma yaing'ono. A PTA, a ma section a m'machalichi, a mabungwe a anthu ocokela dela limodzi amene timasonkhana pa malilo pokha, nkhani ndi yanu iyi. Sizifuna dona kapena nduna. Zifuna ng'oma ziwili ndi munthu wosatopa.

Ine ndapangana ndi mwana wanga. Ciwelu m'mawa apita ku mkango. Pa holide ya August tikwela basi ya ku Katete, ndipo ambuye ake amuphunzitsa citelele mpaka adziwe nyimbo zosacepela zisanu, zimene adzaphunzitsa anzake a pa yadi. Wavomela, ngakhale wafunsa ngati kumudzi kuli netiweki.

Amai eni yadi ndinawapeza dzulo akusankha kapenta pakhonde. Kwawo ndi ku Petauke. Ndinawafunsa mwaulemu kuti ndi liti pamene anaphunzitsako mwana nsongwe. Anakhala cete nthawi yaitali, maso ali pa lubango. Kenako anati, "Manje ng'oma muzaipeza kuti? Cigubu ico sicilila bwino." Ndawalonjeza kuti ndikafunsa mtengo ku Kabwata mwezi ukatha. Ndiyenela kupitanso ku Kamwala, cifukwa citenje ca amai a kunyumba cili ndi mabowo awili pamene ana anamangilila mutu wa katoni, ndipo mlandu umenewo sunathe.